Kodi Ubongo wa Netiweki Uikidwe Pati? Mafunso ndi Mayankho a ku Dowa ndi Ntchisi

Kodi controller n'chiyani?

Kale switch (chipangizo cholumikiza makompyuta) iliyonse pa netiweki inkadzisankhira yokha njira yotumizira uthenga. M'njira yatsopano ya SDN, maganizo onsewo amasonkhanitsidwa m'pulogalamu imodzi ya pakompyuta yotchedwa controller. Switch ikalandira uthenga womwe siudziwa, imafunsa kwa controller, monga mthenga wa mfumu amabwerera kubwalo kukamva kolowera. Chilankhulo chotchuka chomwe ziwirizi zimamvanirana ndi OpenFlow, chomwe chinafalitsidwa mu 2008 ndi akatswiri a ku Stanford ndi anzawo.

Nanga malo oyika controller ali ndi vuto lanji?

Ikakhala kutali, funso ndi yankho zimachedwa. Ikakhala imodzi yokha n'kuzima, ma switch amasowa wowalangiza. Mu 2012, Brandon Heller, Rob Sherwood ndi Nick McKeown anaunika nkhaniyi pa Internet2 ya ku America ndi ma netiweki ena ambiri. Anapeza kuti nthawi zambiri controller imodzi yoikidwa pamalo abwino imakwanitsa liwiro, koma singateteze netiweki ikawonongeka.

Tiyerekeze tikulumikiza zipatala ndi masukulu a ku Dowa boma, Mponela, Madisi, Mvera, Ntchisi boma ndi Malomo. Kodi ku Lilongwe n'kutali?

Ayi ndithu. M'waya wa fibre, kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Malo onsewa sakwana mtunda wotero kuchokera ku Lilongwe. Choncho liwiro si nkhawa yathu.

Ndiye nkhawa n'chiyani?

Kuduka kwa njira ndi kuthima kwa magetsi. M'mapiri athuwa, nthawi ya dzinja mphepo imagwetsa mitengo pamawaya, madzi amakumba m'mbali mwa msewu, ndipo zitunda zimatsekereza mafunde a mawailesi pakati pa nsanja. Waya ukaduka, switch ya kuchipatala cha ku Malomo imapitiriza ndi malangizo omwe inalandira kale, koma siyingalandire atsopano. Namwino wofuna kutumiza zotsatira za magazi kudzera njira yatsopano amangodikira.

Tsono tiike zingati, ndipo pati?

Ziwiri ndi poyambira pabwino: imodzi ku Lilongwe, ina pamphambano ngati Mponela, pomwe msewu wa M1 umakumana ndi wopita ku Ntchisi. Yachiwiriyo ikhale ndi sola ndi mabatire, komanso njira yakeyake yofikira ma switch, osati waya womwewo wa inzake.

Bwanji osaika imodzi pachipatala chilichonse?

Ma controller amayenera kuuzana zonse zochitika nthawi ndi nthawi. Akachuluka, kuuzanako kumadya malo m'waya, ndalama zimapita zambiri, ndipo akasiyana mawu amatumiza uthenga kolakwika. Pokonza netiweki ya kumudzi, katswiri ayambe wajambula mapu a malo omwe waya umakonda kuduka ndi komwe magetsi amathimathima, kenako asankhe pokhazika controller.