PHUNZIRO: MASIKAUTI ACHIKATOLIKA NDI BAJI YA CHIKHULUPIRIRO

Cholinga cha phunziroli

Tikufuna kudziwa kuti masikauti ndi ndani, kumvetsa momwe Mpingo wa Katolika umawapatsira mphotho pa za chikhulupiriro, ndi kuona zimene ife akhristu a kuno ku Champhira tingatolepo polera achinyamata kuti akhale nzika zodalirika.

Masikauti ndi ndani?

Gulu la masikauti linayambira ku Mangalande. Mu 1907 Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 nkukagona nawo pa chilumba cha Brownsea. Anawagawa m'timagulu ting'onoting'ono, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake wochokera pakati pa anyamatawo. Kumeneko anaphunzira kudziphikira, kumanga msasa, kuthandiza wovulala ndi kusunga lonjezo. Lero gululi lili pafupifupi m'maiko onse, ndipo m'maiko ambiri muli anyamata ndi atsikana omwe.

Sikauti amalonjeza kuchita udindo wake kwa Mulungu, kwa anthu anzake ndi kwa iye mwini. Akaphunzira luso lina nkuonetsa kuti walidziwadi, amalandira baji yosokerera pa malaya. Baji sigulidwa, ndipo sipatsidwa chifukwa chakuti bambo ake a mwanayo ndi mfumu kapena mkulu wa mpingo.

Mbiri yathu ya ku Malawi

Akuluakulu ena pakati pathu anakhalapo masikauti m'nthawi ya atsamunda. M'ulamuliro wa chipani chimodzi gululi linaletsedwa, ndipo malo ake anatengedwa ndi a Malawi Young Pioneers, amene anakhazikitsidwa mu 1963. Tinene zoona: apayoniya anaphunzitsa achinyamata ambiri ulimi ndi ntchito zamanja. Koma tikumbukanso kuti iwo pamodzi ndi ayufi ankaopedwa. Munthu wopanda khadi ya chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika ndi pokwerera basi, ndipo amene ankamubwezayo nthawi zambiri anali mwana wa msinkhu wa ana ake omwe.

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi athu analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula ndi mantha amene anali m'dziko. Mu Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri, ndipo mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida apayoniya, mkangano utayambira ku Mzuzu. Pambuyo pake masikauti anayambiranso, ndipo mu 2005 bungwe lawo la Scout Association of Malawi linalandiridwa m'bungwe la masikauti a dziko lonse lapansi.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti yunifomu yokha sikonza munthu. Magulu awiri angathe kuvala mofanana ndi kuguba mofanana, koma lina likuphunzira kuopseza, lina likuphunzira kutumikira. Funso limene kholo liyenera kufunsa ndi lakuti: kodi mwana wanga walonjeza kwa yani, ndipo akupatsidwa ulemu chifukwa cha ntchito yanji?

Mpingo ndi masikauti

Poyamba Akatolika ena ankalikayikira gululi chifukwa woliyambitsa sanali Mkatolika. Wansembe wina wa chipani cha Ayezuiti, Bambo Jacques Sevin, anakakumana ndi Baden-Powell, naona kuti njira yakeyo ingathe kulera mkhristu wabwino. Mu 1920 anathandiza kuyambitsa masikauti achikatolika ku France. Kuchokera apo Mpingo m'maiko ambiri unayamba kupereka ansembe olangiza maguluwa.

Ku Amereka Akatolika anakonza mphotho zapadera molingana ndi msinkhu. Ana aang'ono amayamba ndi Light of Christ, kenaka Parvuli Dei, kutanthauza ana aang'ono a Mulungu. Okulirapo amagwirira ntchito mendulo ya Ad Altare Dei, kutanthauza ku guwa la Mulungu, imene maphunziro ake amatsata masakramenti asanu ndi awiri. Achinyamata aakulu ali ndi mendulo ya Papa Pius XII, yowathandiza kulingalira za maitanidwe awo: banja, unsembe, usisteri kapena ntchito ina.

Taonani mmene mphothozi zimapezekera. Mwana amaphunzira kwa miyezi ingapo. Aang'ono amaphunzira ndi makolo awo, okulirapo ndi mlangizi wovomerezedwa ndi dayosizi. Sangoloweza katekisimu ayi. Akaphunzira za sakramenti, amachitanso ntchito yogwirizana nalo. Pomaliza amakhala pamaso pa akuluakulu angapo nkufotokoza zimene waphunzira ndi zimene wachita. Akakhutira, mphotho imaperekedwa m'tchalitchi, anthu onse akuona.

Nanga kwathu kuno?

Mishoni ya Katete inatsegulidwa mu 1938, ndipo kuyambira pamenepo mpingo kuno wakhala ukulera ana kudzera m'sukulu ndi m'magulu osiyanasiyana. Koma tonse tikuona vuto limene lilipo. Mwana akalandira ulimbitso amayesa kuti wamaliza. Anyamata ambiri a m'boma la Mzimba maso awo ali ku Joni. Otsala ena amaotcha makala m'nkhalango ya Perekezi, ena amangokhala pa Jenda kudikira ganyu. Nthawi ya kampeni ikafika, anthu andale amawapeza pomwepo, nkuwapatsa malaya, mowa ndi kandalama kuti akasokoneze msonkhano wa anzawo. Wachinyamata amene kwawo sanayamikiridwepo pa chabwino chilichonse savuta kumugula.

Sitikufunika mendulo zochokera kunja kuti tiyambe. Chofunika ndi njira yake, ndipo ingayende motere.

Wachinyamata wophunzira za ubatizo athandize kusamala chitsime kapena mjigo wa m'mudzi, kuti madzi asaipitsidwe.

Wophunzira za Ukaristia atumikire pa Misa, komanso azipita ndi a mphakati kukagawana chakudya ndi nkhalamba.

Wophunzira za kulapa ayanjanitse anzake awiri amene anadana, kaya pa mpira kaya pa zandale.

Wophunzira za kudzoza odwala aziyendera wodwala mmodzi sabata ndi sabata, kumutungira madzi ndi kumutolera nkhuni.

Wophunzira za ulimbitso abzale mitengo nkuisamala kufikira itapirira chilimwe ndi moto wa tchire.

Mwambo wopereka mphotho ungachitike pa 3 Juni, tsiku la Amartiri a ku Uganda. Karoli Lwanga ndi Kizito anali achinyamata otumikira kunyumba ya mfumu, ndipo mu 1886 anakana lamulo loipa la mfumuyo ngakhale anadziwa kuti aphedwa. Sikauti wachikatolika amamvera akulu ndi malamulo a dziko, koma sapereka chikumbumtima chake kwa munthu aliyense.

Zoyenera kusamala

Choyamba, mphotho ikhale ya wogwira ntchito. Tikaipereka mokondera, tawaphunzitsa ana athu ziphuphu m'tchalitchi momwe. Chachiwiri, mwana wosauka asatsalire chifukwa chosowa yunifomu; kansalu ka m'khosi nkokwanira. Chachitatu, atsikana apatsidwe mwayi wofanana ndi anyamata. Chachinayi, alangizi akhale anthu odziwika bwino, ndipo wamkulu asakhale yekha ndi mwana kumalo obisika. Pa msasa pakhale amayi oyang'anira atsikana. Chachisanu, gulu lisavale mtundu wa chipani chilichonse. Pomaliza, dzina ndi mabaji a masikauti zili ndi eni ake. Ofuna kuyambitsa gulu ayambe akambirana ndi bambo mfumu ndi khonsolo ya parishi, kenaka alembetse ku bungwe la masikauti.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Phungu, khansala ndi mfumu wa mawa ali pakati pa ana amene akukhala kutsogolo m'tchalitchi mwathu lero.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Werengani 1 Timoteo 4:12. Kodi mau amenewa akutiuza chiyani ife makolo?
2. Amene munaona nthawi ya makadi, fotokozerani achinyamata zimene zinkachitika. Kodi zoterezi zingabwerenso m'njira ina?
3. Ndi liti pamene mphakati wathu unayamikira wachinyamata poyera?
4. Ndi ntchito iti imodzi imene achinyamata athu angayambe mwezi uno, ndipo ndani adzawaperekeza?