Mlandu Suwola, Koma Umboni Umasintha Mtundu

Mawu Oyamba

Kwathu ndi ku Limphasa m'boma la Nkhata Bay, dera lodziwika ndi mpunga wa m'dambo, chinangwa ndi nsomba. Pa tchuthi china mnyamata wina anapezeka m'mbali mwa msewu atavulazidwa kwambiri, ali chikomokere. Anthu analoza chala malume anga, omwe amagulitsa nsomba, chifukwa chikwanje chawo chinali ndi madontho ofiirira. Iwo anati anali akudula kampango, koma palibe anawamvera. Anakhala m'manja mwa apolisi masiku angapo kufikira wovulalayo atatsitsimuka n'kutchula anthu ena. Atatuluka anandifunsa m'Chitonga funso lomwe m'Chichewa tingati: "Mphwanga, inu a sukulu, kodi palibe njira yosiyanitsira magazi a munthu, a nsomba ndi dzimbiri?"

Ine ndimaphunzira za ziyankhulo ndi zolembalemba, choncho ndinalibe yankho. Nditabwerera ku sukulu ndinafunsa anzanga a sayansi ndipo ndinawerenga. M'nkhani ino ndifotokoza momwe ofufuza milandu amagwiritsira ntchito gawo la kemisitiri lotchedwa redox, kenaka ndionetsa chifukwa chake ife a ziyankhulo tiyenera kulidziwa.

Tanthauzo la Redox

Liwuli ndi chidule cha mawu awiri a Chingerezi, oxidation ndi reduction. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, ndipo maatomuwo ali ndi tizigawo totchedwa maelekitironi. Chinthu chikataya maelekitironi, a sayansi amati pachitika oxidation. Chikawalandira amati pachitika reduction. Ziwirizi sizisiyana. Wophunzira malamulo a Chichewa akumbukire mneni "patsa": sitinganene kuti munthu wapatsa popanda wopatsidwa. N'chimodzimodzi ndi redox, wopereka ndi wolandira amakhalapo nthawi imodzi.

Zitsanzo zili pakhomo pomwe. Khasu likagona m'dambo limachita dzimbiri chifukwa chitsulo chapereka maelekitironi kwa okosijeni mothandizidwa ndi madzi. Chinangwa chokumba chikakhala masiku awiri kapena atatu chimachita mizere yakuda m'kati. Nthochi yosenda imada. Chofunika kwa wofufuza milandu n'chakuti maelekitironi akasamuka, nthawi zambiri mtundu wa chinthu umasintha, ndipo kusinthako kumaoneka ndi maso.

Kuyesa Magazi

Magazi ndi ofiira chifukwa cha himogulobini, yomwe ili ndi ayironi pakati pake. Akatayika n'kuuma, ayironiyo imataya elekitironi imodzi ndipo dontho limasanduka lofiirira ngati dzimbiri. Apa ndiye panagona vuto la malume: ndi maso okha, dontho lakale la magazi ndi dontho la dzimbiri n'zovuta kusiyanitsa.

Njira yodziwika kwambiri yoyesera dontho lotere ndi ya Kastle-Meyer, yomwe inatenga mayina a Joseph Kastle wa ku America ndi Erich Meyer wa ku Germany, amene anaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Woyesa amapukuta dontholo ndi kathonje konyowa, amadonthezapo mankhwala opanda mtundu otchedwa phenolphthalin, kenaka hydrogen peroxide. Ngati pali magazi, ayironi ya m'himogulobini imafulumizitsa peroxide kulanda maelekitironi kwa mankhwala aja, ndipo kathonjeko kamasanduka ka pinki m'masekondi ochepa. Ndondomekoyi ili ndi chifukwa chake. Pinki akaoneka peroxide asanathiridwe, ndiye kuti pali mankhwala ena olanda maelekitironi, osati magazi. Akaoneka mochedwa kwambiri sawerengedwanso, popeza mpweya wokha umatha kusintha mankhwalawo.

Njira yachiwiri ndi ya luminol, yomwe Walter Specht wa ku Germany anaionetsa mu 1937 kuti ingathandize pa milandu. Mankhwalawa amapoperedwa m'chipinda cha mdima. Pomwe pali magazi, ngakhale mwini nyumba atakolopa, luminol amataya maelekitironi n'kutulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo kwa masekondi pafupifupi 30, nthawi yokwanira kujambula chithunzi.

Komatu njira ziwirizi zili ndi malire. Zomera zina, monga mbatatesi, zili ndi michere yogwira ntchito mofanana ndi himogulobini, choncho zimatha kunamiza woyesa. Luminol amawalanso akakumana ndi mankhwala oyeretsera monga Jik, kapena mkuwa. Choposa zonse, nsomba, mbuzi ndi nkhuku nazo zili ndi himogulobini. Chikwanje cha malume chikanayesedwa, kathonje kakanasanduka ka pinki ndithu, ngakhale iwo anali osalakwa. N'chifukwa chake akatswiri amati mayeso awa ndi ongolozera chabe. Kuti zitsimikizike kuti ndi magazi a munthu pamafunika mayeso ena a ku labotale, monga omwe anayambitsa Paul Uhlenhuth mu 1901. Kuti adziwike mwini magaziwo pamafunika DNA, njira yomwe Alec Jeffreys anaitulukira ku Leicester mu 1984.

Kuyesa Mowa pa Msewu

Aliyense woyenda pa msewu wa M5, wodutsa ku Chintheche ndi ku Kande, amadziwa kuopsa kwa dalaivala woledzera. Kachipangizo kopumiramo komwe apolisi apamsewu amagwiritsa ntchito kamadaliranso redox. Makina oyamba otchuka anawapanga Robert Borkenstein ku America mu 1954. M'kati mwake munali potassium dichromate, mankhwala a mtundu wa lalanje. Mpweya wa munthu womwa mowa ukadutsamo, mowawo umapereka maelekitironi n'kusanduka asidi wa mu viniga, pomwe mankhwala aja amalandira maelekitironiwo n'kusanduka obiriwira ngati masamba. Mowa ukachuluka, kusintha kwa mtundu kumakulanso.

Tizipangizo ta m'manja tambiri ta masiku ano sitidalira mtundu. Muli kachitsulo ka platinum komwe mowa umatayirapo maelekitironi, ndipo maelekitironiwo amayenda ngati magetsi omwe kachipangizo kamawerenga n'kuonetsa nambala. Napanso pali malire. Munthu amene wangomeza kumene kachasu amakhala ndi mowa wotsalira m'kamwa, womwe umakweza nambala. Ichi n'chifukwa chake malangizo a tizipangizoti amati woyesa adikire mphindi pafupifupi 15 asanayese.

Kuyesa Chiphe

Makolo anati mlandu suwola, koma mbiri ya James Marsh wa ku England ikuonetsa kuti umboni wokha umatha kuonongeka. M'zaka za m'ma 1830 iye anaitanidwa pa mlandu wa John Bodle, yemwe ankaganiziridwa kuti anapha agogo ake powathirira arsenic mu khofi. Marsh anapeza chiphecho ngati ufa wachikasu, koma pofika tsiku la mlandu ufawo unali utasintha maonekedwe, ndipo Bodle anamasulidwa. Patapita zaka anaulula yekha kuti anaphadi.

Izi zinamuwawa Marsh, ndipo mu 1836 anafalitsa njira yatsopano. Chinthu chokayikitsa amachisakaniza ndi zinki ndi asidi. Zinki imapereka maelekitironi, arsenic amawalandira n'kutuluka ngati mpweya. Mpweyawo ukatenthedwa umasiya banga lakuda lonyezimira pa galasi kapena pa mbale yadothi, banga lomwe likhoza kusungidwa n'kuonetsedwa m'bwalo. Mu 1840 njirayi inagwira ntchito ku France pa mlandu wa Marie Lafarge, pomwe katswiri Mathieu Orfila anapeza arsenic m'thupi la mwamuna wake, ndipo mayiyo anapezeka wolakwa.

Mbali ya Chiyankhulo

Kuno kwathu tinaona kulemera kwa mawu a katswiri pa imfa ya Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic yemwe anapezeka atafa pa 24 September 2011. Poyamba kunalengezedwa kuti anadzipha, koma zomwe anapeza Dr Charles Dzamalala atapima thupi, pamodzi ndi komiti yofufuza ya mu 2012, zinasonyeza kuti anachita kuphedwa. Umboni wa sayansi ukhoza kutembenuza nkhani yonse, choncho uyenera kufika m'makutu mwa anthu monga momwe katswiri waunenera.

Makhoti athu amazenga milandu m'Chingerezi, ndipo ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 imapatsa woimbidwa mlandu ufulu womasuliridwa zokambidwazo m'chiyankhulo chomwe amamva. Tsono taganizani katswiri akunena kuti mayeso ongolozera asonyeza kuti pangakhale magazi. Womasulira wothamanga akhoza kungoti, "Pachikwanjepo apezapo magazi." Woimbidwa mlandu, abale ake ndi khamu lonse lomvera adzamva kuti nkhani yatha. Chonsecho m'Chichewa muli mawu okwanira kusiyanitsa makwerero atatu awa: "n'kutheka kuti ndi magazi", "ndi magazi a munthu", ndi "ndi magazi a uje". Pakati pa chiganizo choyamba ndi chachitatu pali zaka zambiri za kundende.

Maganizo anga ndi akuti tisavutike kupeka mayina atsopano a mankhwala. Luminol akhale luminol. Chomwe tiyenera kugwirizana ndi mawu ofotokoza mphamvu ya umboni, monga "mayeso ongolozera" ndi "mayeso otsimikiza", m'Chichewa, m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'ziyankhulo zina. Ntchitoyi ikufuna a sayansi, a zamalamulo ndi a ziyankhulo atakhala pa mphasa imodzi, ndipo omasulira a m'makhoti aziphunzitsidwa mawuwo asanayambe ntchito.

Mawu Otsiriza

Taona kuti kusamuka kwa maelekitironi, komwe kumadyetsa khasu dzimbiri, ndi komwenso kumaulula magazi, mowa ndi chiphe. Taonanso kuti mayeso aliwonse ali ndi pomwe amalekezera, ndipo womasulira ayenera kunena malirewo osachotsera kapena kuonjezera. Nditapitanso ku Limphasa ndinawafotokozera malume zonsezi tili pakhonde. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati: "Ndiye kuti kathonje kako ka pinkiko kakanandimangitsa, mphwanga?" Ndinawayankha kuti kakanawamangitsa pokhapokha wina akanasiya mawu oti "n'kutheka" pomasulira. Chikwanje chija akudulirabe kampango, koma masiku ano amachitsuka asanachoke kunyanja.