Nambala 1729 ndi Vuto la "ndi" m'Kuŵerenga kwa Chicheŵa

Ku Joe Slovo Park, m'dera la Milnerton mumzinda wa Cape Town, Amalaŵi amakhala pakati pa anthu olankhula Chixhosa. Pocheza ndi ena mwa iwo ndinaona kuti mitengo ya zinthu amaitchula m'Chingerezi, ndipo ati Chicheŵa sichingasenze nambala zikuluzikulu. Ganizo limeneli tiliyese ndi nambala imodzi, 1729.

Akatswiri a masamu amaidziŵa bwino nambalayi. Ili yosagaŵika ndi 2, koma imapezeka pochulukitsa 7, 13 ndi 19. Nambala zoigaŵa popanda chotsala zilipo 8: 1, 7, 13, 19, 91, 133, 247 ndi 1729 yomweyo. Tikaphatikiza zonsezi kupatula yomalizayo tipeza 511, ndiye kuti ili m'gulu la nambala zopereŵera. Ilinso yachitatu m'gulu la Carmichael, kutsatira 561 ndi 1105. Koma chinaitchukitsa ndi zimene Srinivasa Ramanujan anauza G. H. Hardy: kuti ndiyo nambala yochepetsetsa imene ingapezeke m'njira ziŵiri pophatikiza nambala ziŵiri zochulukitsidwa mwa izo zokha katatu. 12×12×12 ndi 1728, kuonjezapo 1. 10×10×10 ndi 1000, kuonjezapo 9×9×9, ndiye 729.

Tsono tiitchule m'Chicheŵa: chikwi chimodzi, mazana asanu ndi aŵiri, makumi aŵiri, ndi zisanu ndi zinayi. Mau onse alipo. Vuto lili pa "ndi". Masinde athu oŵerengera amathera pa -sanu, choncho 7 ndi -sanu ndi -ŵiri, ndipo "ndi" yemweyo amalumikizanso mazana ku makumi. Chimatiwombola ndi mgwirizano wa magulu a maina. Tikati "mbuzi mazana asanu ndi aŵiri" mbuzizo zili 700, pakuti a- akuloza mazana; tikati "ndi ziŵiri" zili 502, pakuti zi- akuloza mbuzi. Nanga tikati "anthu mazana asanu ndi aŵiri"? Gulu la Mu-A ndi gulu la Li-Ma onse mgwirizanitsi wao ndi a-, motero womvera sangadziŵe ngati anthuwo ali 700 kapena 502. Mxhosa alibe vutoli pano: 7 ali ndi tsinde lakelake, ndipo "amakhulu asixhenxe" ndi 700 basi.

Komabe chinenero chinadzikonzera kale njira. Mau akuti "kudza" ndi "mphambu" amapatula zotsalira: "anthu mazana asanu kudza mphambu ziŵiri" ndi 502, popeza mphambu ili m'gulu la I-Zi. Ine ndiona kuti ofufuza sitinawasamale mokwanira mau aŵiriŵa. Nambala yathu ija ikhala chikwi chimodzi kudza mazana asanu ndi aŵiri kudza makumi aŵiri kudza mphambu zisanu ndi zinayi. Njaitali ndithu, ndipo wogula pamsika sangaidikire, koma ilibe pokayikitsa.