Kodi black hole ingabereke chilengedwe china?

Ana asukulu anzanga, lero ndikufuna tikambirane ganizo lomwe ngakhale akatswiri a sayansi akukanganabe nalo.

Tiyambe ndi black hole. Nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha mafuta ake, imagwera mkati mwake n'kupanikizana mpaka mphamvu yake yokoka imakula zedi. Ngakhale kuwala, komwe kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, sikungathawemo. Kuti dzuwa lathuli likhale black hole, mungafunike kulifinya mpaka kuchokera pakati kufika m'mphepete patsale makilomita 3 okha. Taganizani, kutalika kwa nsonga ya Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, basi! Chithunzi choyamba cha black hole chinaonetsedwa mu 2019, cha mu mlalang'amba wa M87.

Nanga zomwe zagwera mkatimo zimathera kuti? Mu 1992, katswiri wina wa ku America, Lee Smolin, anapereka ganizo lake, ndipo analifotokoza bwino m'buku la The Life of the Cosmos mu 1997. Iye akuti mwina zinthuzo sizithera pakadontho, koma zimafutukukanso mbali ina n'kuyambitsa chilengedwe chatsopano, monga Big Bang yomwe inayambitsa chathuchi zaka 13.8 biliyoni zapitazo.

Apa m'pamene nkhani imakomera. Ife a ku Mulanje tiyi timamudziwa. Ku Mimosa, akatswiri a Tea Research Foundation amasankha mitengo ya tiyi yobereka bwino n'kuichulukitsa, ndiye pakapita zaka minda imadzaza ndi mtundu umenewo. M'tchire mulibe wosankha, koma zimachitikabe: chomera chosiya mbewu zambiri ndicho chimachuluka. Izi n'zimene Charles Darwin analemba mu 1859.

Smolin akuti zilengedwe nazonso n'chimodzimodzi. Chilengedwe chobadwa chimatengera malamulo a kholo lake, monga kulemera kwa ma electron, koma mosiyana pang'ono. Chokhala ndi ma black hole ambiri chimabereka ana ambiri. Mibadwo ikapita, zilengedwe zambiri zimakhala zodziwa kupanga ma black hole. Ndiye poti nyenyezi zikuluzikulu zimapangika mosavuta pomwe pali carbon ndi oxygen, zomwenso matupi athu amafuna, mwina n'chifukwa chake chilengedwe chathu chili ndi zamoyo.

Koma musathamangire kulemba zimenezi pamayeso a MSCE ngati zoona ayi. Palibe amene anaonapo chilengedwe china, ndipo palibe uthenga ungatuluke mu black hole kudzatiuza.

Chimene ine chimandisangalatsa n'choti Smolin anapereka njira yoyesera ganizo lake. Anati ngati chilengedwe chathu chimakondera ma black hole, nyenyezi zakufa zotchedwa neutron star siziyenera kulemera kuposa madzuwa 1.6, yopitirira apo izigwa n'kukhala black hole. Mu 2010 kunapezeka ina yolemera pafupifupi madzuwa awiri. Smolin anati malire enieni akhoza kufika pa awiri, koma mu 2019 kunayezedwanso ina yoposerapo pang'ono. Ganizoli tsono lili pampanipani.

Mwaonatu? Ganizo la sayansi limayenera kunena chomwe chingaligwetse. Nanunso mukamva nkhani yodabwitsa, dzifunseni: kodi tingayese bwanji kuti tidziwe ngati ili yabodza?