Chiwewe ndi Adani Ena Osaoneka ndi Maso

Inu eni makomo a kuno ku Nkaya, kumene njanji yochokera ku Limbe imapatukana ndi yolowera ku Liwonde ndi ku Nayuchi, imvani mawu awa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Vayirasi ndi kachilombo kochepetsetsa koposa bakiteriya, ndipo kanapangidwa ngati mtedza m'khoko lake: m'kati muli kachingwe kosunga malangizo a mtundu wake, kunja kuli khoko la puloteni, ndipo mitundu ina imavala pamwamba pake chofunda chamafuta. Pakokha sikadya, sikakula, sikabereka. Koma kakalowa m'selo ya munthu, ya nkhuku kapena ya mbewu, kamailanda ndi kuiyesa kapolo wokaumbira tinzake tambirimbiri. Chikuku, poliyo, Edzi, chitopa ndi khate la chinangwa, zonsezi gwero lake ndi tizilombo totere, timene maantibayotiki ogula m'golosale sangatigonjetse ngakhale pang'ono.

Alipo ena awiri ochepa koposa. Viroid, imene Theodor Diener anaitulukira m'mbatata ya kachewere mu 1971, ndi kachingwe kokha kopanda khoko, ndipo imadwalitsa zomera basi. Prion, imene Stanley Prusiner anaitcha dzina mu 1982, ndi puloteni yopindika molakwika, imene imapotoza zinzake za mu ubongo kufikira ubongowo utachita mabowomabowo; ndiyo inadzetsa misala ya ng'ombe ku Britain kuyambira 1986, ndipo moto wophikira ndiwo suiwononga.

Koma mdani amene ali pakhomo pathu ndi chiwewe. Kachilombo kake kamakhala m'malovu a galu wodwala, ndipo kakalowa pabala kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha, kawirikawiri mwezi umodzi kufikira itatu, kulunjika ku ubongo. Masiku amenewo bala limapola, mwana wolumidwayo akusewera, makolo nati zatha. Komatu tsiku limene adzayambe kuopa madzi ndi kutuluka dovu, palibenso sing'anga kapena dokotala amene angamubweze. Imfa yotere imawawa kwambiri chifukwa ndi yopeweka, popeza katemera wake alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa naye ku France mnyamata wolumidwa ndi galu.

Chofunda chamafuta chija kachilombo ka chiwewe kali nacho, ndipo sopo amachisungunula. Choncho galu kapena mphaka akaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri othira kwa mphindi 15, osapakapo phulusa, tsabola kapena ubweya wa galuyo. Mukatero, pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, ndipo akakutumizani ku Balaka kapena ku Liwonde musawiringule za ulendo, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Jakisoni onse amene akuuzeni mukawatsirize pa masiku ake.

Mbuzi kapena ng'ombe ikayamba kudzandira ndi kuchucha dovu, musaisende kapena kugawana nyama yake. Itanani alangizi a ziweto. Agalu anu onse, ndi ana agalu omwe, kawabayitseni katemera chaka ndi chaka.