Física kapena Química: kumene chisankho cha wophunzira chimayambira

Cholinga cha phunziro

Wophunzira wa sayansi akamayandikira mayeso a kalasi 12, pamakhala funso limene limamusowetsa tulo: kodi aike mtima pa Física kapena pa Química? Ena mwa ife tingaganize kuti funsoli silitikhudza, popeza tikukonzekera kukaphunzitsa ana a ku pulayimale. Koma m'phunziro lino tikufuna kuonetsa kuti yankho limene mnyamata kapena mtsikana adzapereke ali ndi zaka 17 kapena 18 limayamba kuumbika m'kalasi mwathu, pa tsiku limene tikumuthandiza kumvetsa mawu monga mphamvu, kulemera ndi kusungunuka. Pomaliza phunziroli, aliyense wa ife athe kufotokoza m'Chinyanja kusiyana kwa maphunziro awiriwa, kuzindikira mawu amene amasokoneza ana, ndiponso kulangiza wophunzira kapena kholo mwachilungamo.

Mmene chisankhochi chimafikira

Lamulo la maphunziro la nambala 18/2018 linakonza kuti pulayimale ikhale ya makalasi 6, ndipo sekondale iyambire kalasi 7 kufikira kalasi 12, m'zigawo ziwiri za zaka zitatuzitatu. M'chigawo chachiwiri wophunzira amasankha njira, ndipo anthu ambiri amazitchula njirazi kuti Letras ndi Ciências. Akatsiriza kalasi 12, wofuna kupitiriza maphunziro amalembanso mayeso olowera ku sukulu zaukachenjede. Mayeso amenewa salembedwa m'maphunziro onse, koma mwa okhawo amene kosi yofunidwayo imadalira. Kawirikawiri udokotala umafuna Biologia ndi Química, pamene makosi ambiri a uinjiniya amafuna Matemática ndi Física. Sukulu iliyonse imatulutsa chikalata chake chaka ndi chaka, chimene timachitcha edital, ndipo ndi mmene mumalembedwa zofunika pa kosi iliyonse.

Kuno ku Tete makomo amenewa sali kutali. Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa uinjiniya wa migodi ndi wa kakonzedwe ka miyala ya m'migodi. Universidade Zambeze ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete. Universidade Púnguè imasula aphunzitsi a sekondale, ndipo ku Moatize kuli Instituto Médio de Geologia e Minas. Wophunzira amene wakonzekera phunziro losayenera kosi imene akufuna amataya chaka chathunthu, ndipo banja limene linagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti alipire ulendo ndi malo ogona silipezanso ndalamazo. Nthawi zina mwanayo sabwereranso ku sukulu konse.

Kusiyana kwa maphunziro awiriwa

Física imafunsa mmene zinthu zimayendera ndi chimene chimaziyendetsa. Imaphunzira za liwiro, kukankha ndi kukoka, kutentha, kuwala, maliwu ndi magetsi. Química imafunsa kuti chinthu chinapangidwa ndi chiyani, ndiponso kuti chimasanduka bwanji chinthu china chatsopano. Kwa mwana wa ku pulayimale, funso limodzi ndi lokwanira poyambira: kodi chinthuchi chasintha maonekedwe okha, kapena chasanduka china?

Madzi akaundana, akawira n'kukhala nthunzi, amakhalabe madzi. Njinga yonyamula katundu ikamatsika chitunda cha ku Zóbuè, liwiro lake limakula, mabuleki amatentha, koma njingayo imakhalabe njinga. Izi ndi za Física. Nkhuni zikapsa n'kukhala phulusa, palibe angazibwezerenso kukhala nkhuni. Khasu losiyidwa pamvula limachita dzimbiri, chifukwa chitsulo chalumikizana ndi mpweya wa okosijeni mothandizidwa ndi chinyezi. Mayi akacheza chidulo kuchokera ku phulusa n'kuthira mu therere, ndiwo zimafewa msanga. Izi ndi za Química.

Zitsanzo zikuluzikulu tili nazonso pakhomo. Ku Songo, madzi a Zambezi osungidwa ndi damu la Cahora Bassa amagwa n'kuzunguza makina 5, ndipo makina alionse amatulutsa mamegawati 415, onse pamodzi mamegawati 2,075. Madziwo amatuluka akadali madzi; chimene chasintha ndi mtundu wa mphamvu, kuchoka pa ya madzi okwezeka kufika pa ya magetsi. Ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011 ndipo Vulcan inatenga mgodiwo mu 2022, ena mwa malashawo ndi a mtundu umene umatenthedwa mopanda mpweya kufikira utasanduka khala lolimba logwiritsidwa ntchito m'ng'anjo zazikulu. M'ng'anjomo khalalo limachotsa okosijeni m'miyala ya chitsulo, ndipo chitsulo chimatuluka. Makolo athu a Chimaravi ankachita zomwezo ndi makala a nkhuni m'ng'anjo zawo zadothi.

Tisaiwale kuuza ana kuti pa ntchito yeniyeni maphunziro awiriwa amayendera limodzi. Kuphulitsa thanthwe mumgodi kumadalira Química, koma kuti khoma la dzenjelo lisagumukire anthu pamafunika Física. M'fakitale yotsukira malasha, malasha amayandama pamene miyala imamira, chifukwa cha kusiyana kwa kulemera kwake, ndipo imeneyi ndi Física. Koma kuyeza phulusa ndi sulufule wa m'malashawo ndi Química. Sitima yokoka malasha mtunda wa makilomita 912 kudutsa m'Malawi kukafika ku Nacala-a-Velha imafuna odziwa za mabuleki ndi njanji, ndiponso odziwa za mafuta ndi dzimbiri. Choncho wosankha phunziro limodzi asayese kuti linalo walitsanzika.

Mawu amodzi, matanthauzo angapo

Apa ndi pamene pagona ntchito yathu. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayesedwa koyamba m'dziko lino kuyambira 1993 kufikira 1997, m'ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo Chinyanja kuno ku Tete chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zimene zinasankhidwa, pamodzi ndi Chichangana ku Gaza. Kuyambira 2003 njirayi inalowa m'sukulu za boma. Mwana amayamba kuphunzira m'chilankhulo cha kwawo, ndipo Chipwitikizi chimakula pang'onopang'ono kufikira chitakhala chilankhulo chophunzirira. Phunziro la Ciências Naturais limafika m'zaka zomwezo zimene mwana akuwoloka kuchoka ku chilankhulo china kupita ku chinzake. Tikapanda kusamala pa chiwoloko chimenechi, mwana amanyamula mawu a Chipwitikizi opanda kanthu m'kati.

Taonani mawu akuti mphamvu. Timati ng'ombe ili ndi mphamvu, batire latha mphamvu, chigayo ichi n'champhamvu. M'buku la Física mawu amodziwa amagawika patatu: força, energia ndi potência. Mwana amene anauzidwa kuti onse atatu ndi mphamvu basi, adzasokonezeka pa funso loyamba lenileni la mayeso. Tingamuthandize potanthauzira motere: força ndi kukankha kapena kukoka, energia ndi chimene chinthu chasunga chotha kugwira nacho ntchito, monga mphira wa legeni wokokedwa, potência ndi changu chimene ntchitoyo ikugwiridwira. Anyamata awiri akakweza matumba ofanana pa ngolo imodzi, wina msanga wina mochedwa, ntchito yawo ndi yofanana, koma potência yawo ndi yosiyana.

Mawu akuti kulemera nawonso amaimira massa ndi peso. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili ndi massa ya makilogalamu 50 kulikonse kumene lingapite. Koma peso ndi mmene dziko likulikokera pansi, ndipo pano padziko ndi pafupifupi manyutoni 490. Thumba lomwelo litapita ku mwezi, chimanga sichingachepe ngakhale njere imodzi, koma lingapepuke kasanu ndi kamodzi.

Timatinso kandulo yasungunuka, mchere wasungunuka m'madzi. Kandulo yasungunuka chifukwa cha kutentha, ndipo imeneyi ndi fusão. Mchere sunatenthedwe, wangomwazikana pakati pa madzi, ndipo imeneyi ndi dissolução. Ana atha kudzionera okha: tikaika madzi amcherewo m'mbale padzuwa kufikira ataphwa, mchere umatsala m'mbalemo. Mawu akuti mankhwala nawo amachititsa ana ena kuganiza kuti Química ndi phunziro la kuchipatala lokha, kapenanso kuligwirizanitsa ndi zinthu zoopsa, pamene madzi akumwa, sopo ndi feteleza zonse ndi nkhani za Química.

Tisaganize kuti zimenezi zikusonyeza umphawi wa chilankhulo chathu. Wolankhula Chipwitikizi pamsika nayenso amati peso pamene akutanthauza massa. Sayansi m'chilankhulo chilichonse imatenga mawu a tsiku ndi tsiku n'kuwaikira malire. Ntchito yathu ndi kuika malirewo m'chilankhulo chimene mwana amaganizira. Njira yake ili ndi masitepe atatu, ndipo dongosolo lake lisasinthidwe. Poyamba ana aone ndi kugwira. Kachiwiri afotokoze zimene aona m'mawu awoawo. Pomaliza tiwapatse dzina la Chipwitikizi, tililembe pa bolodi pambali pa tanthauzo limene iwo eni apanga.

Tikumbukirenso kuti makalasi athu safanana. Ku Zóbuè ana ambiri amalankhula Chichewa chomwecho cha tsidya la malire ku Mwanza, ndipo mawu ena a sayansi amawamva m'Chingerezi kwa abale awo kapena pa wailesi za ku Malawi. M'tauni ya Moatize Chinyungwe chimamveka kwambiri, ndipo mgodi unabweretsa mabanja ochokera ku zigawo zina. Mphunzitsi wanzeru amayamba wafunsa ana kuti, "Kwanu chimenechi mumachitchula bwanji?" Safunsa anadya phula.

Pamene atifunsa uphungu

M'midzi yambiri mphunzitsi wa ku pulayimale ndiye munthu wophunzira amene ali pafupi. Ana amene tinawaphunzitsa adzabwerera kwa ife atakula, ndipo kholo lidzatiimika panjira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana wanu uja asankhe chiyani?" Tisamusankhire. Timuthandize ndi mafunso atatu.

Loyamba: kodi ukufuna kudzagwira ntchito yanji, ndipo edital ya kosi imeneyo ikuti chiyani? Awerenge yekha chikalata cha chaka chimenecho, asadalire zonena za anzake. Lachiwiri: kodi ungandifotokozere m'Chinyanja mutu umodzi wa Física ndi umodzi wa Química, osayang'ana m'kope? Phunziro limene mwana angathe kulifotokozera agogo ake ndi limene walimvetsa. Limene akungolilakatula m'Chipwitikizi, ngakhale atapeza malikisi abwino m'kalasi, waloweza chabe, ndipo zoloweza zimathawa funso likatembenuzidwa. Lachitatu: kodi masamu ukuyenda nawo bwanji? Física imadalira kwambiri alijebura, magirafu ndi masamu a ngodya. Química imafuna kuwerengera magawo, kulinganiza mbali ziwiri za mchitidwe wa zinthu ndi kuzolowera zizindikiro za pa tchati cha maelementi 118. Wothawira ku Química poopa masamu adzawapeza akumudikira komweko.

Palinso zifukwa zimene tiyenera kuzitsutsa mofatsa. Wina amasankha chifukwa mnzake wasankha, wina chifukwa amaopa mphunzitsi wina wake, wina chifukwa wamva mphekesera kuti mayeso akutiakuti ndi ofewa. Mphunzitsi amasamutsidwa, mnzako amatenga njira yake, koma chisankho chimatsala ndi mwini wake. Atsikana ambiri amauzidwa kuti Física ndi ya amuna. Tiwauze za Marie Curie, amene analandira mphoto ya Nobel ya Física mu 1903 ndi ya Química mu 1911. Koposa apo, m'kalasi mwathu mtsikana azigwira nawo waya ndi batire, asamangopatsidwa ntchito yolemba zimene anyamata apeza.

Kusowa kwa chipinda choyeseramo zinthu kusatifooketse. Botolo, chingwe, mwala, legeni, mandimu, soda wophikira ndi misomali ndi zokwanira pa maphunziro ambiri. Koma tiphunzitse chenjezo kuyambira tsiku loyamba: osalawa chinthu chosadziwika, osasakaniza mankhwala a m'munda, osakhudza madzi a m'batire la galimoto.

Zochita

1. M'magulu a anthu anayi, lembani zinthu 10 zimene zimachitika pakhomo kapena kumunda, ndipo muzigawe pawiri: zimene zasintha maonekedwe okha ndi zimene zasanduka china. Kambiranani zimene simunagwirizane.

2. Sankhani mawu amodzi mwa awa: kutentha, mpweya, chitsulo. Pezani mawu a Chipwitikizi amene amaimiridwa ndi mawu amodziwo, ndipo mulembe tanthauzo la lililonse m'Chinyanja chimene mwana wa kalasi 5 angamve.

3. Konzani phunziro la mphindi 45 losiyanitsa fusão ndi dissolução, motsata masitepe atatu aja. Muliphunzitse kwa anzanu, iwo akuuzeni pamene Chipwitikizi chinalowa msanga.

4. Awiriawiri, wina akhale kholo wina mphunzitsi. Kholo likufuna kuti mwana adzakhale dokotala, koma mwanayo amafotokoza bwino za magetsi kuposa za Química. Yesani kukambirana mwaulemu, popanda kunyoza chikhumbo cha kholo kapena kubisa zoona.

Mawu otsiriza

Ambiri mwa ana athu sitidzakhala nawo pa tsiku limene adzalembetse mayeso. Chimene tingawapatse lero ndi matanthauzo omveka m'chilankhulo cha kwawo, olumikizidwa bwino ndi mayina a Chipwitikizi amene adzawapeze pa pepala la mayeso. Mwana wotero akadzafika pa mphambano, adzayeza maphunziro awiriwa ndi zimene akuzidziwa ndi ntchito imene akuifuna. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Sabata ya mawa aliyense abwere ndi kope la mawu a sayansi limene wayamba kulemba, lokhala ndi mawu osachepera 15 ndi matanthauzo ake m'zilankhulo zonse ziwiri.