Galu wa Mnzathu Akafera M'manja Mwathu

M'midzi yathu ya ku Machinga ndi ku Balaka, galu ndi mlonda. Amauwa akuba akafika pakhola ndipo amapirikitsa anyani kumunda. Mphaka naye amateteza chimanga ku makoswe. Komabe nyamazi zimafa kawirikawiri m'manja mwa anansi: wina wathira tameki m'nsima chifukwa galu amadya mazira, wina wamugunda ndi njinga yamoto, wina wamutema atamupeza akuthamangitsa mbuzi. M'phunziro lino tikufuna kuona zimene chilungamo chimafuna zoterezi zikachitika.

1. Zimene lamulo likunena

Pamaso pa malamulo a Malawi, galu kapena mphaka ndi katundu wa mwini wake. Lamulo la Penal Code limati kupha kapena kuvulaza dala chiweto cha wina popanda chifukwa chovomerezeka ndi mlandu. Lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuchitira nyama nkhanza, ngakhale nyamayo ikhale yathu yomwe.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri timazisokoneza. Chindapusa ndi chilango, ndipo ndalamayo imapita ku boma. Chipukuta misozi chimapita kwa amene wataya chiweto. Khoti la majisitireti, monga la ku Liwonde, likhoza kulamula wolakwa kuti alipire mwini chiweto. Mfumu ilibe mphamvu zotsekera munthu m'ndende, koma imayanjanitsa anthu, ndipo nkhani zambiri zotere zimathera pabwalo lake.

Mwini galu nayenso ali ndi udindo. Lamulo la Control and Diseases of Animals Act limapatsa boma mphamvu zolimbana ndi matenda a chiwewe, kuphatikizapo kulamula kuti agalu amangidwe ndi kubayidwa katemera. Amene amalekerera galu wake kuyendayenda wosabayitsa amafooketsa yekha dandaulo lake.

2. Mafunso atatu tisanatchule ndalama

Loyamba: kodi chinachitika n'chiyani kwenikweni? Galu akafa mwadzidzidzi timathamangira kuloza chala munthu amene tinakangana naye kale. Ndi bwino kuitana mlangizi wa ziweto kuti aone ngati ndi poizoni kapena matenda.

Lachiwiri: kodi linali dala, kusasamala, kapena kudziteteza? Mayi amene wapha galu wolusa populumutsa mwana wake sali pamlandu umodzi ndi munthu amene watchera poizoni usiku. Poizoniyo akhoza kuphanso nkhuku, amphaka, ngakhale mwana wokwawa.

Lachitatu: kodi mwini galu anachenjezedwapo? Ngati galuyo anadya nkhuku za anthu mwini wake n'kumangoseka, pali ngongole ziwiri, ndipo zonse ziyenera kuwerengedwa. Koma kulakwiridwa sikutipatsa ufulu wodziweruzira tokha. Njira yake ndi kukadandaula kwa mwini galu, kenako kwa anyakwawa.

3. Chimene ndalama siingabweze

Kagalu ka m'mudzi mtengo wake ndi wochepa, ndipo ena amangopatsana. Tikayang'ana mtengo wokha, wolakwa anganene kuti, "Ndi galu chabe." Koma gogo wokhala yekha wataya mlonda wake, ndipo mwana wataya mnzake. ‘Abdu’l-Bahá anaphunzitsa kuti ana azizolowera kuchitira nyama chifundo kuyambira ali aang'ono, chifukwa nyama imamva kuwawa koma singathe kukadandaula kulikonse.

Choncho kulipa kwenikweni kuli ndi mbali zitatu: kuvomera cholakwa pamaso pa mboni, kupepesa, ndi kubweza chimene chatayika, kaya ndi ndalama, kagalu kena, kapena zimene mwini anawononga pofuna mankhwala. Wolakwiridwayo nayenso asasandutse tsoka lake kukhala malonda. Akuluakulu amati mlandu suwola. Nkhani ya galu imene yangokwiriridwa imadzatulukira pamalire a munda kapena pamjigo, ana a mabanja awiriwo atasiya kale kulankhulana.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani kusiyana kwa chindapusa ndi chipukuta misozi.
2. Galu wa mnansi wadya anapiye athu kachitatu. Tingachite chiyani, ndipo tiyambire kwa ndani?
3. Wakabaza wagunda galu mwangozi, palibe amene waona. Kodi kunena zoona kukumufuna achite chiyani?
4. Tikaitanidwa kukayanjanitsa mabanja awiriwo, tingatani kuti aliyense amvedwe mpaka amalize kulankhula?

Chochita sabata ino: Aliyense afunse kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lake tsiku limene katemera wa chiwewe adzaperekedwe, ndipo adziwitse mabanja atatu oyandikana nawo.